Mwera Usanafike: Kakonzedwe ka Nkhuni ndi Kasankhidwe ka Moto Wowotha Kuno ku Salima

Anzathu a ku Dedza ndi ku Lilongwe amati ku Salima kulibe chisanu. Akanena za masana sitingawatsutse, chifukwa ife tili m'chigwa m'mphepete mwa nyanja, pamene Dedza ili pamwamba pathu ndi mamita oposa 1,000. Koma mu Juni ndi Julayi, mwera ukayamba kukuntha panyanja, usiku kumazizira mpaka madigiri 15 kapena 16, ndipo nyumba zathu sitinazimangire zimenezo. Tinazimangira kutentha kwa mu Okutobala: mazenera akuluakulu, malata opanda siling'i, bulangete limodzi ana atatu. Amene amalimva kwambiri tsembweli ndi makanda, agogo athu, odwala mphumu, ndi asodzi amene amatuluka m'madzi m'bandakucha ku Senga Bay kapena ku Chipoka zovala zili chonyowa.

Chisanu chathu n'chachifupi, ndipo chachikulu ndi mphepo. Choncho sitifunika moto woyaka usiku wonse m'nyumba. Tifunika nkhuni zouma bwino zokonzedwa nthawi ikadalipo, nyumba yosalowa mphepo, ndi moto wowotha madzulo umene umazimitsidwa anthu asanagone. Tiyeni tiyende pang'onopang'ono.

Choyamba: dziwani kuchuluka kwa nkhuni zimene mukufuna

Musayerekeze m'mutu. Tengani mtolo umodzi wa msinkhu umene mumasenza kapena kugula nthawi zonse, muone kuti ukutha masiku angati. Ngati ukutha masiku atatu, ndiye kuti miyezi itatu ya Juni, Julayi ndi Ogasiti ifuna mitolo 30 yophikira pokha. Onjezanipo ina 10 kapena 15, chifukwa nyengo yozizira madzi osamba amatenthetsedwa tsiku lililonse, tiyi amaphikidwa kawiri, ndipo moto wamadzulo suzima msanga. Chitani zimenezi mu Malichi kapena kumayambiriro kwa Epulo. Mukachedwa mpaka Juni, mupikisana ndi owotcha njerwa ndi owamba nsomba, ndipo mtengo wa mtolo umakhala utakwera kale.

Chachiwiri: sankhani kumene nkhunizo zichokere

Apa ndipo ndikhalitsepo, chifukwa ndi pamene mabanja ambiri amalowera m'mavuto. Kalembera wa 2018 anaonetsa kuti mabanja oposa 9 mwa 10 aliwonse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala, ndiye aliyense maso ali pa mitengo yomweyo. Nkhalango za Thuma ndi Dedza-Salima ndi zotetezedwa ndi boma. Lamulo la zankhalango la 1997, limene linakhwimitsidwa mu 2020, limaletsa kudula mitengo m'nkhalango zoterezi popanda chilolezo, komanso kuwotcha ndi kugulitsa makala popanda chiphaso. Wopezeka amalandidwa nkhwangwa ndi njinga, amalipira chindapusa, ena amakagwira ndende. Komanso ku Thuma kuli njovu, ndipo mayi amene walowa yekha kukatola nkhuni m'mawa akuika moyo wake pachiswe. Ngati mudzi wanu uli ndi nkhalango yake, pitani kwa amfumu kapena ku komiti yoyang'anira zachilengedwe, mufunse masiku otolera ndi malire ake.

Nkhuni zopanda mlandu ndi za pakhomo panu ndi m'munda mwanu. Yang'anani zimene muli nazo.

Keshya ndiye bwenzi la banja kuno kwathu. Amakula msanga, nkhuni zake n'zolemera, ndipo mukamudula amaphukanso. Gilisidiya nayenso amaphuka, amauma msanga, sachita utsi wambiri, ndipo masamba ake amatsala m'munda kukhala manyowa. Mthethe umayaka bwino kwambiri ndi kusiya makala okhalitsa, koma minga yake muiwotche pamalo amodzi, ana asaponde. Bulugamu ndi wabwino akauma, koma ali wamuwisi amafuka ndi kuthetheka. Nimu ndi mtangatanga mungasadze nthambi zake. Mango amene asiya kubereka kapena nthambi zimene zathyoka ndi mphepo ndi nkhuni ndithu, kungoti zili ndi madzi ambiri, zimafuna nthawi yaitali.

Msangu, umene uli mbwee m'minda ya kuno, musaugwetse. Umayoyola masamba nthawi ya mvula, chimanga n'kumakula bwino pansi pake, ndipo zipatso zake mbuzi ndi ng'ombe zimadya m'chilimwe. Tengani nthambi zouma zokha. Chimodzimodzi bwemba, masawu ndi mkuyu. Mbawa ndi mlombwa ndi mitengo ya matabwa, kuiponya pamoto n'kuwononga chuma. Mlambe ndi papaya musavutike nazo, m'kati mwake ndi mofewa modzaza madzi.

Musapeputse zotsala za m'munda. Zitsononkho, mapesi, mitengo ya nandolo ndi ya chinangwa imene simudzabzala zimaphika tiyi ndi phala, nkhuni zenizeni n'kumasungika za nyemba ndi za madzulo. Nsungwi zouma zimayaka msanga, koma muziyamba mwazing'amba, apo ayi mfundo zake zimaphulika n'kumwaza moto. Mankhusu a mpunga, amene amaunjikana pa zigayo za ku Lifuwu ndi kwina, sayaka bwino pamafuwa, amangofuka, pokhapokha muli ndi mbaula yopangidwira mankhusuwo.

Zina n'zosayenera kupita pamoto ngakhale mutasowa chotani. Nkhadze ili ndi utomoni wowononga maso, ndipo utsi wake nawonso umawawa. Matabwa opaka penti, komanso zidutswa za mapolo a magetsi ndi matabwa akale a njanji zimene zinathiridwa mankhwala oletsa chiswe, utsi wake ndi poizoni. Majumbo ndi zidutswa za matayala, zimene ambiri amakolezera moto, muzisiye. Udzu wouma, makoko a chimanga ndi tizitsotso timachita ntchito yomweyo.

Chachitatu: dulani ndi kuwaza nthawi yomweyo

Nthawi yabwino ndi kumapeto kwa mvula, mu Epulo. Nolani nkhwangwa ndi chikwanje dzulo lake. Keshya ndi gilisidiya muwadule pamsinkhu wa bondo, mopendeketsa, kuti madzi asamakhazikike pachitsa n'kuchiwoletsa. Chikaphuka, dikirani mphukira zikhwimeko, kenako musiye ziwiri kapena zitatu zamphamvu, zina zonse muchotse. Musadule mitengo yonse chaka chimodzi. Ngati muli ndi mizere itatu, dulani umodzi chaka chino, wina chaka chamawa, winawo chinacho; mukamabwerera pa woyamba uja mupeza wakulanso. Posadza nthambi yaikulu, yambani mwatema pang'ono kunsi kwake, kenako pamwamba, kuti ikamagwa isasende khungwa la thunthu.

Dulani zidutswa zotalika ngati kuchokera pachigongono kufika kunsonga za zala, ndipo muziwaze tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake. Bulugamu makamaka, akauma asanawazidwe amalimba moti nkhwangwa imangodumpha. Ikani chidutswa chiimirire pa chitsa chophwathalala, osati pamwala kapena pasimenti. Tang'adzani miyendo kuti nkhwangwa ikaphonya ipite pansi pakati. Yang'anani kamng'alu kamene kali kale kumutu kwa chidutswacho, mumenye pamenepo, chakumphepete osati pakati penipeni. Pamene pali mfundo pasiyeni, chimenecho chikhale chikuni cha madzulo. Ana ndi nkhuku akhale patali, ndipo muyang'ane mpini ngati wagwira bwino musanayambe.

Wazani nkhuni zambiri zikhale zochepa ngati dzanja la munthu pamkono. Zing'onozing'ono zimauma msanga, zimalowa bwino pakhomo la mbaula yadothi, ndipo moto wake umamvera.

Chachinayi: ziumikeni, ndipo muzisanje bwino

Mtengo wongodulidwa kumene, pafupifupi theka la kulemera kwake ndi madzi. Mukauponya pamoto, mphamvu yambiri ya motowo imathera kuphwetsa madziwo, inu n'kumangolandira utsi ndi misozi. Nkhuni yoyenera ndi imene madzi ake atsika kufika pa magawo 20 mwa 100 kapena kucheperapo. Kusiyana kwa nkhuni yaiwisi ndi youma ndi kumene kumachititsa kuti banja lina mtolo uwathere masiku awiri, lina masiku anayi.

Sankhani malo owomba dzuwa ndi odutsa mphepo, patali ndi khitchini ndi denga la udzu. Mwera womwewo umene tikuuthawa ndi umene umaumitsa nkhuni, ndiye mitu ya nkhuni iyang'ane kummwera kuti mphepo izilowa pakati pake. Musaziunjike pansi: kuno chiswe sichichedwa, ndipo dothi limabweza chinyezi. Yalani njerwa zisanu ndi imodzi kapena miyala, mugoneke mitengo iwiri yaitali pamwamba pake, thandala likwere pafupifupi chikhatho chimodzi kapena ziwiri kuchokera pansi. Pansi pa thandalalo wazani phulusa, ndipo muziwonjezera sabata iliyonse. Muziyang'ananso ngati chiswe chayamba kumanga tinjira take pa njerwazo, mutigumule.

Posanja, mzere woyamba ugone chotere, wachiwiri upingase, makamaka kumapeto konse kuwiri, kuti mulu usagumuke. Siyani mipata yoti dzanja n'kulowa. Mulu usapitirire pachifuwa, chifukwa ana amakonda kukwera. Pamwamba pokha ndi pamene mufunditse lata lakale kapena udzu, mutsinde ndi mwala. M'mbali musiye poyera. Ena amakulunga mulu wonse ndi pepala lakuda lapulasitiki poganiza kuti akuteteza, koma m'katimo nkhuni zimachita thukuta n'kumera nkhungu.

Ndi dzuwa lathu lino, gilisidiya ndi keshya wowazidwa bwino amauma pa miyezi iwiri kapena itatu. Mango, bulugamu wamkulu ndi zikuni zosawaza zimafuna nthawi yoposa pamenepo, ndiye muziike pazokha, zikhale za mu Ogasiti kapena za dzinja likudzalo. Nkhuni za mawa muziziika pansanja pamwamba pa moto wa kukhitchini, monga amachitira amayi athu, koma zitalikire malawi.

Mulu wa nkhuni ndi nyumba ya zinkhanira ndi njoka. Potenga, yambani mwagogoda ndi ndodo, tengani za pamwamba, ndipo musatume mwana kukatenga nkhuni mdima utagwa.

Chachisanu: yesani ngati zauma

Nyamulani chidutswa: chouma chimapepuka. Yang'anani kumutu kwake: pamakhala ming'alu, ndipo khungwa limayamba kusendeka lokha. Gundanitsani ziwiri: zouma zimalira mokweza kuti ngwe ngwe, zaziwisi zimangoti di di. Ngati mukukayikabe, ikani chimodzi pamoto woyaka kale. Chachiwisi chimalira tsiii, kumapeto kwake kumatuluka thovu, ndipo utsi wake ndi woyera wokhuthala. Chikuni chautsi koma kufumula, mukachibwezere padzuwa.

Chachisanu ndi chimodzi: tsekani mphepo musanaganize za moto

Ntchito iyi ndi ya tsiku limodzi, koma imachepetsa chisanu kuposa mitolo khumi. Madzulo mwera ukuwomba, yendani m'nyumba ndi dzanja lonyowa, mumve kumene mphepo ikulowera. Kawirikawiri ndi pansi pa chitseko, m'mbali mwa mazenera a kummwera, ndi pampata wa pakati pa khoma ndi denga. Matani ming'alu ndi dothi. Pansi pa chitseko ikani chiguduli chokulunga. Pazenera lopanda galasi pachikani mphasa kapena thumba. Ngati denga ndi la malata, siling'i ya mphasa kapena ya mabango m'chipinda chogona imasunga kutentha usiku, ndipo idzakuthandizaninso mu Okutobala. Mpanda wa udzu kumbali ya kummwera umathyola mphamvu ya mphepo isanafike pakhonde.

Ogona pansi ayale makatoni kapena matumba kunsi kwa mphasa, chifukwa simenti imakoka kutentha kwa thupi usiku wonse. Agogo ndi ana agone ndi chipewa ndi masokosi. Khanda lobadwa kumene, makamaka lochepa thupi, limafundidwa bwino pachifuwa cha mayi ake, khungu kukhudza khungu, nsalu pamwamba, monga amaphunzitsira anamwino kuchipatala. Koma timabowo tolowetsa mpweya ta pamwamba pa khoma musatitseke tonse, ndipo kukhitchini musatseke chilichonse.

Chachisanu ndi chiwiri: sankhani moto wake

Moto wa pamafuwa ndi umene umafunditsa anthu ambiri nthawi imodzi, chifukwa kutentha kwake kumamwazikira mbali zonse. N'chifukwa chake umadya nkhuni kwambiri. Malo ake ndi panja pobisika mphepo kapena m'khitchini yapadera yotuluka utsi. Utsi wa nkhuni m'nyumba yotseka umadwalitsa maso ndi chifuwa, ndipo ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimaika ana pangozi ya chibayo.

Chitetezo mbaula, ija yadothi lowotcha, ndi imene ine ndingalangize banja lililonse la kumudzi. Inafala kwambiri kuyambira 2013, pamene boma la Joyce Banda linalonjeza kuti mbaula zosawononga nkhuni zifike 2 miliyoni pofika 2020. Imalandira tinkhuni titatu kapena tinayi, zitsononkho ndi mitengo ya nandolo, ndipo nkhuni zimene pamafuwa zimatha masiku awiri, pa iyo zimatha kufika masiku atatu. Moto wake uli m'kati, mwera suumwaza. Powotha siponya kutentha patali ngati mafuwa, koma dothi lake limakhala lofunda nthawi yaitali nsima itapsa kale, ndiye banja likhoza kuizungulira pakhonde mpaka nthawi yogona. Kunja kwake kumawotcha, mwana asaigwire.

Mbaula ya makala ndi ya ambiri okhala pa boma ndi m'nyumba za lendi. Sifuka, imafunditsa bwino, ndipo ubwino womwewo ndi umene umanyenga anthu, ndinenapo pansipa.

Hita yamagetsi ilibe utsi, koma werengerani. Hita ya mawatsi 2,000 imadya mayunitsi awiri pa ola limodzi, ndiye maola atatu madzulo aliwonse ndi mayunitsi 180 pamwezi. Ilumikizeni pasoketi ya pakhoma mwachindunji, osati pa ekisitenshoni yotchipa, italikirane ndi makatani, neti ndi matiresi ndi mita imodzi, ndipo musayanikepo zovala. Sola ya panyumba yowunikira ndi kutchajira foni singakoke hita. Chitofu cha gasi n'chophikira, musachisiye chikuyaka kuti chifunditse chipinda.

Njira yotchipa kuposa zonse ndi kutengera kutentha kuchipinda, moto n'kutsala panja. Ikani njerwa yowotcha, youma, pambali pa moto pamene mukuphika. Ikafunda, ikulungeni m'chitenje chakale kawiri kapena katatu, muiike kumiyendo kwa pogona. Musatenge mwala wonyowa wa kumtsinje kapena kunyanja, umatha kuphulika pamoto. Botolo lolimba la madzi ofunda, osati owira, lotsekedwa bwino ndi kukulungidwa, limachita zomwezo. Kwa khanda, ndi kwa odwala shuga kapena ofa ziwalo amene samva bwino kutentha kumapazi, funditsani pogonapo kaye, kenako muchotse njerwayo asanagone.

Chachisanu ndi chitatu: mbaula isagone m'chipinda

Chaka chilichonse nyengo yozizira timamva za anthu amene apezeka atafa m'nyumba yotseka, mbaula ili pambali: alonda, ana asukulu ogona m'nyumba za lendi, mayi ndi khanda lake. Makala akamanyeka amatulutsa mpweya wotchedwa carbon monoxide. Suoneka, sununkha, sutsokomoletsa. Ukalowa m'mapapo umakakamira m'magazi pamalo pamene pamayenera kukhala mpweya wabwino, ndipo munthu amene ali m'tulo sadzuka kuti athawe.

Ambiri amakhulupirira kuti makala akafiira, utsi n'kutha, ndiye kuti ngozi yatha. Si zoona. Makala ofiira osafuka akutulutsabe mpweya umenewu, ngakhale atakwiririka ndi phulusa. Kutsegula zenera pang'ono si chitetezo chodalirika, chifukwa mphepo ikasiya kapena wina akazizidwa usiku n'kutseka, basi. Makala a nkhuni otsala pamafuwa nawonso ndi chimodzimodzi, ndipo jenereta yolizidwa m'nyumba kapena pafupi ndi zenera imapha mwa njira yomweyo.

Zizindikiro zake ndi mutu waukulu, chizungulire, nseru, kufooka kwa miyendo, tulo tosaletseka ndi kusokonezeka mutu. Zimafanana ndi malungo, ndipo pamenepo ndi pamene anthu amasocherera. Ngati anthu awiri kapena atatu m'chipinda chimodzi ayamba kumva zimenezi nthawi imodzi pali mbaula, musafunefune panado. Tsegulani zitseko ndi mazenera onse, tulutsani aliyense panja, kenako mbaula. Amene wakomoka koma akupuma mumugoneke chammbali, musamumwetse madzi, mkaka kapena china chilichonse. Thamangirani naye ku chipatala cha boma cha Salima kapena chipatala chilichonse chapafupi, ndipo mukawauze madokotala kuti munali makala m'chipinda, chifukwa chimene akufunika ndi okosijeni. Ngakhale amene akuti wapeza bwino atapuma mpweya wapanja apite akaonedwe, makamaka mayi woyembekezera ndi mwana.

Lamulo la pakhomo likhale limodzi, ndipo aliyense alidziwe mpaka mwana wamng'ono: tikamakagona, mbaula imatuluka. Ngati muli ndi mlonda, mugulireni jekete, chipewa ndi bulangete, ndipo kanyumba kake kakhale kotsegula mbali imodzi.

Chomaliza: ana, odwala khunyu, ndi kuzimitsa moto

Kuchipatala ana opsa ndi moto amachuluka miyezi yozizira yomweyi. Ambiri ndi ongoyamba kukwawa ndi kuyenda, amene agwera pamoto kapena adzikhuthulira phala ndi madzi osamba. Pamoto pakhale munthu wamkulu nthawi zonse, osati mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri woti alere mng'ono wake. Mapoto otentha asakhale pansi ponjira. Madiresi a nayiloni ndi neti ya udzudzu zimagwira moto mwakanthawi n'kumamatira pakhungu. M'bale wodwala khunyu asawothe kapena kuphika ali yekha, akhale patali pang'ono ndi moto, ndipo akagwa pamoto mumukoke msanga. Khunyu sapatsirana pogwirana.

Wina akapsa, thirani madzi oyera ozizira pamalopo kwa mphindi 20. Vulani mphete ndi zibangili pasanatupe, koma nsalu imene yamatirira musaisolole. Musapakepo dzira, mankhwala otsukira mano, mafuta, dothi kapena phulusa, ndipo matuza musawaboole. Phimbani ndi nsalu yoyera, mufunditse thupi lonse kuti mwana asazizidwe, mupite kuchipatala, makamaka ngati wapsa kumaso, m'manja, kumaliseche kapena malo oposa chikhatho chake.

Pozimitsa, fumulani zikuni, muzikwirire mumchenga kapena muzithire madzi, mawa zidzayakanso. Makala a m'mbaula muwakhuthulire m'chitini chachitsulo chokhala ndi chivundikiro, panja. Akasowa mpweya amazima okha ndipo mudzaphikiranso. Phulusa lotentha musalitaye kudzala kapena pafupi ndi mpanda wa udzu, chifukwa usiku wa mwera khala limodzi limakwanira kuyatsa denga. Lisiyeni m'chitini mpaka m'mawa, likazizira mukawaze pansi pa thandala la nkhuni kapena kudimba.